Lole Yapita ku Kampeni

Ngokwe, 12 Juni 2025

Achemwali anga a Elube,

Landirani moni wochokera kuno kumudzi. Ine ndilipo, alamu anu alipo, mng'ono wanu Sofia ndi ana ake alipo, kungoti pakamwa pa Sofia sipatsekeka monga mumudziwira. Kaya inu ku Balaka ndi ana asukulu anuwo? Mutiuzeko za bipi yanu, poti m'kalata yapita ija munalumpha dala.

Thonje chaka chino lachitako bwino. Dalaivala wathu Willard wapanga kale maulendo anayi ndi lole kukatula kufakitale kwanuko, ndipo kalatayi abwera nayo ndi iyeyo monga mwa masiku onse. Foni ndinayesa Lamulungu. Ndinakwera mpakana pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, netiweki inandipatsa halo mmodzi n'kuthawa. Komanso nkhani za mbumba sitikambira pafoni, munthu akuwerenga mayunitsi.

Lachiwiri kunabwera alendo. Ndi a shado a chipani chija, amene akufuna uphungu wa dera lino, pamodzi ndi mlembi wawo a Samson. Anakhala pakhonde, anamwa thobwa, n'kuyamba kuyamikira lole yathu kuti ndi yokhayo kuno imene imalira ngati galimoto. Ndinadziwiratu kuti munthu sayamikira mbuzi ya mnzake pachabe. Akufuna kuti kampeni ikatsegulidwa mwezi wamawa, lole izinyamula anthu, amayi ovina ndi zimkuzamawu kupita kumisonkhano mpaka tsiku lovota. Kulipira salipira. Akuti limenelo ndi thandizo lathu ngati abizinesi a m'dera. Akapambana, mchenga, njerwa ndi simenti za chitukuko cha dera lino tidzanyamula ndife zaka zisanu.

Sindinavomere, sindinakanenso. Wamalonda kumudzi alibe chipani, achemwali, koma ali ndi katundu amene amagona panja. Mukukumbukira bambo wa chigayo pamsika paja, amene anakana zotere chisankho chapita? Palibe anamumenya. Anthu anangosiya kukagayitsa, mpaka anamasula injini yake n'kusamukira ku Ntaja.

Ndangoti ndikudziwitseni, poti mapepala a lole ndi a bizinesi ali m'dzina lanu, monga tinapangana ndi malemu amayi, kuti ine ndikadzatsamira mkono akuchikazi kwanga asadzatenge chuma cha mbumba.

Mukapita kumsika mundigulireko magalasi owerengera. Akale aja anakhalidwa ndi mdzukulu.

Ndatha ine mlongo wanu,
Blasius

Balaka, 19 Juni 2025

Achimwene,

Zikomo chifukwa cha kalata ndi matemba. Ine ndilipo. Bipi ikukwera ngati mtengo wa shuga, kusiyana kwake n'kwakuti iyo imatsikako. Magalasi ndapatsira a Willard, muwasunge patali ndi adzukulu. Alamu ndi Sofia muwapatse moni, ndipo mundiuze ngati nandolo wayamba maluwa.

Za alendo anu aja ndamva. Ine ndine mwana kwa inu, sindingakuphunzitseni kusamala mbumba imene mwaisenza kuyambira pamene amalume anatisiya. Ndingokuuzani zimene timamva kuno kutauni. Pawailesi akhala akunena za lamulo la zipani. Akuti bizinesi ikapereka thandizo lalikulu kuchipani, kaya ndi ndalama kaya ndi katundu, chipanicho chiyenera kulemba mphatsoyo pamodzi ndi dzina la wopereka, n'kukaulula ku ofesi yoona za zipani. Lole yathunthu miyezi iwiri si mphatso ya nkhuku. Ndipo dzina likalembedwa kumeneko, aliyense wofuna angathe kuliona.

Ndikuuzeninso za mnzanga wina, ahedi a sukulu ya kufupi kuno. Chisankho chapita anapita kumaliro atavala chitenje cha chipani, osati chifukwa cha ndale, koma kuti zina zonse zinali zonyowa pachingwe. Wina anamujambula. Ife a m'boma sitiloledwa kuonetsa mbali pa ndale. Anamuchotsa pa uhedi, n'kumutumiza kusukulu kumene galimoto imafika kawiri pa sabata. Ndinakamuona chaka chatha, wakalamba kuposa inu.

Ine yanditsalira miyezi khumi ndi isanu ndi umodzi kuti ndipume. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndili ndi choko m'manja, ndatopa achimwene, miyendo imatupa ikamakwana leveni koloko. Pemphero langa ndi limodzi lokha, kuti nditsirizire pasukulu pano, m'nyumba ya ahedi ino, popanda kalata yoipa m'fayelo yanga.

Koma inu ndinu akulu. Mukudziwa choyenera kuchita.

Ndine mlongo wanu,
Elube

Ngokwe, 3 Julayi 2025

Achemwali anga,

Moni. Kuno tonse tadzuka. Nandolo wachita maluwa ochuluka, ngati mbalame ndi mbuzi za anthu zitichitire chisoni tidzadzaza lole kawiri. Kaya mayeso a ana akuyenda bwanji?

Wakutsina khutu ndi mnansi. Kalata yanu ndinaiwerenga katatu ndi magalasi atsopano, ndipo ndinamva bwino lomwe. Inu ndinu munthu wa boma, zinthu zamseri simuzifuna. Ndiye ndachita monga lamulo likunenera.

Ndinapalasa njinga kupita kwa a Samson. Nditawauza kuti lole ndapereka koma ilembedwe, anaseka mpaka kupukuta misozi. Anati, "A Nampeya, anzanu onse a magolosale ndi a zigayo amangobwera ndi envelopu, ena amapereka uku ndi uku, palibe anafunsapo pepala. Inu mukufuna mudziwike kuti mutani?" Ine ndinati, "Achemwali anga ndi ahedi, malamulo amawadziwa. Popanda kulemba, lole siituluka pageti." Fomu analibe, sanaionepo n'komwe. Anachita kuimba foni kulikulu kwawo. Ndinapitako masiku atatu otsatizana, mpakana Lolemba fomu inabwera pa minibasi.

Ndinaimirira pambali pawo akulemba. Wopereka, Nampeya Thiransipoti. Mwini wake, Mayi Elube Nampeya, mphunzitsi wamkulu, Balaka. Poyamba analemba Elubi, ndinawabwezetsa. Anafuna kusiya za uphunzitsizo, ine ndinati iyayi, udindo umenewu sanautole panjira, lembani. Anadinda chidindo, n'kundipatsa pepala langa. M'dera lonse lino, ndife tokha amene tachita zinthu poyera, ndipo ndi chifukwa cha inu. Malemu amayi akanaona kuti sukulu yanu sinapite pachabe.

Za mnzanu wa chitenje zandimvetsa chisoni kwambiri. Inu musade nkhawa. Nsalu za chipani zimene atipatsa sinditumizako ngakhale imodzi.

Lole iyamba ntchitoyo pa 14. A shado alonjeza kuti Lachinayi lililonse ndi lathu, Willard azibwerabe ku Balaka, ndiye makalata muzisiya pagolosale ya kusiteshoni monga kale.

Mlongo wanu,
Blasius

Balaka, 4 Julayi 2025

Achimwene,

Moni. Kalata yanu ndaipeza dzulo madzulo nditachokera kumsonkhano wa ahedi, a Willard atabwerera kale. Sindinadye.

Mwina sindinalembe bwino. Sindimatanthauza kuti mukalembetse. Ndimatanthauza kuti lole isapite. Pepala limene mwanyadira nalolo ndi lomwe lingandichotsetse ntchito, chifukwa likunena kuti ine, wantchito wa boma, ndapereka galimoto kuchipani. Chitenje cha mnzanga chija n'chaching'ono poyerekeza ndi lole.

Ndagwira mwendo wanu. Pitani kwa a Samson mukatenge fomuyo isanatumizidwe kulikulu. Auzeni kuti mwini lole wakana. Ngati mukuopa kuti akutembenukirani, apatseni chimanga kapena mbuzi m'dzina lanu, koma langa lichokemo. Kudakali masiku khumi, zingatheke.

Ndaimba foni yanu kasanu ndi kanayi, ikungoti simukupezeka. Kalatayi ndikusiya pagolosale kuti a Willard aitenge Lachinayi. Mundiyankhe tsiku lomwelo.

Elube

Balaka, 8 Ogasiti 2025

Sofia mng'ono wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Kalatayi ndapatsira mayi wina wa matemba wa ku Chiuta amene amagulitsa pamsika pano, wati amadutsa pakhomo pako. Uwerenge wekha.

Kodi achimwene ndinawalakwira chiyani? Patha masabata asanu ndiwalembereni kalata yowapempha kuti lole isapite ku kampeni, ndi kuti dzina langa lichoke pa fomu ya chipani. Yankho palibe. Foni inalowa kamodzi kokha, ndinangomva ng'oma ndi nthungululu, iwo n'kukuwa kuti, "Tili pamsonkhano, ndiimbanso!" Mpaka lero akuimbabe.

Mphunzitsi wanga wina anapita ku Liwonde Loweruka. Lolemba anandipatsa moni akumwetulira, n'kunena kuti, "Amayi, lole yanu ndinaiona pa baraji, yadzaza ndi anthu mpaka pamwamba." Ndinayesa kuseka. Dzina langa lili pachitseko cha loleyo ndi zilembo zazikulu, munthu angawerenge ali tsidya la msewu.

Sukulu tatsekera, koma kubwera kumeneko sindingathe. Ndikangopezeka ku Ngokwe nyengo ino, wina andijambula pafupi ndi loleyo, nkhani yathera pomwepo. Ndiye ndangokhala m'nyumba muno kumvera wailesi ngati wodwala.

Ndinavomera kuti dzina langa lilembedwe pa mapepala aja chifukwa cha iwe ndi ana athu, osati kuti ndidyepo. Zaka zonsezi sindinafunsepo kuti lole yapanga zingati. Lero ndapempha kanthu kamodzi, mwini mbumba wandiyankha ndi chete. Ngati akuona kuti mlongo wamng'ono sangawauze zochita, anene, ndidziwe. Zikundiwawa, Sofia, ndipo ndatopa.

Undilembere zoona zokhazokha. Mayiyu abwereranso kuno pakatha masabata awiri.

Mkulu wako,
Elube

Ngokwe, 20 Ogasiti 2025

Achemwali,

Moni. Ife tilipo, ana akutsokomola ndi fumbi la magalimoto a kampeni basi. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, ndiye ndinena mosapsatira.

Kalata imene mukunenayo kuno sinafike. Willard Balaka anaiona komaliza pa 3 Julayi. Lachinayi limene analonjeza a shado lija linadyedwa ndi misonkhano sabata yoyamba yomwe. Lole siigonanso pakhomo, imagona kwa a shado, makiyi amasunga ndi anyamata a chipani. Kalata yanuyo ili pomwe munaisiya.

Tsono inunso achemwali mundimvere. Kalata yanu yoyamba ija anatiwerengera tonse pakhonde. Ine ndinamva kuti mukukana. Alamu anamva kuti mukukana. Koma achimwene anafufuza mawu akuti iyayi kuyambira pamwamba mpaka pansi, sanawapeze. Ndinawauza kuti, "Achimwene, munthuyu akulira." Anati, "Iwe Chichewa cha aphunzitsi unachiphunzira kuti?" Inu mumawadziwa, munthu wa masikelo ndi matumba, amamva chimene chanenedwa basi. Munawapatsa ulemu wambiri mpaka uthenga unamira m'katimo. Nyumba ikamapsa sitigwada pakhomo n'kumati odi.

Kukunyozani sakukunyozani. Pepala la chidindo lija analikulunga m'pulasitiki, ankaonetsa aliyense, ngakhale abusa, kuti onani mmene achemwali anga amatiyendetsera. Nditawawerengera kalata munandilembera ineyi, anatenga njinga osamwa tiyi. Anabwerako dzuwa litapendeka. A Samson anawauza kuti fomu inapita kalekale, poti inali yokhayo, sinavute kutumiza. Atapempha lole, anyamata aja anawafunsa kuti, "Madala, mwagulidwa ndi mbali inayo?" Anabwerera wapansi akukankha njinga, tayala litaphwa. Kuyambira tsiku limenelo chakudya akungotola pang'ono. Ndinawauza kuti akulembereni, anati alemba akapeza chonena.

Nandolo tamenya, ali m'matumba pakhonde. Lole yathu ikudutsa pamsewu kawiri pa tsiku itanyamula anthu oimba, ife tikugulitsa kwa mavenda a njinga pamtengo umene iwo afuna. Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, kwathu kuno zatembenuka, wadya ndi wamkulu.

Musabwere, mwaganiza bwino. Ndatumiza nandolo pang'ono ndi mayiyu. Ngati muli ndi mankhwala a chifuwa a ana mutumize.

Sofia

Ngokwe, 2 Okutobala 2025

Achemwali anga a Elube,

Moni. Ndikhulupirira mulipo. Ife tilipo.

Mwamva kale pawailesi kuti a shado athu sanapambane. Anakhala nambala 3. Anthu onse amene lole inkanyamula aja, kaya anakavotera ndani. Foni ya a shado siikulowanso, a Samson akuti anapita ku Mozambiki kukaona abale.

Lole inabwera Lachisanu ikukokedwa ndi thirakitala. Masipuling'i akumbuyo anathyoka, galasi limodzi palibe, tayala lapadera silikudziwika kumene lili. Mapepala a nkhope ya a shado anamatidwa ndi guluu wolimba, tikuchita kupala ndi mpeni. Willard anakwera minibasi kupita ku Balaka kukafuna zitsulo, ndiye anadzera pagolosale paja. Kalata yanu ya pa 4 Julayi anaipeza pansi pa sikelo, itadontheredwa mafuta ophikira. Ndaiwerenga dzulo.

Mukanalemba chonchi poyamba, achemwali. Iyayi, sindikukunenani. Wolakwa ndine. Munandiuza za mnzanu wa chitenje, ine n'kumaganiza za chitenje. Ndinkayesa ndikukupatsani ulemu polembetsa dzina lanu ndi udindo wanu. Sofia wandinena mokwanira, ndipo sindinamuyankhe, chimene sichinachitikepo chibadwire chake.

Koma mtima ukhale pansi. Ndafunsafunsa kwa anthu odziwa. Akuti mapepala a munthu wolephera palibe amawawerenga, amangotsekeredwa m'kabati mpaka chiswe chiwapeze. Anthu ali kalikiliki ndi opambana. Madzi akatayika saoleka, komabe mwina awa agwera pamchenga.

Mundiyankhe ngakhale mizere iwiri, ndidziwe kuti mukudya.

Mlongo wanu,
Blasius

Balaka, 20 Novembala 2025

Sofia,

Moni. Mankhwala aja ndikhulupirira anathandiza. Achimwene afika kumeneko dzulo kuchokera kuno, ndipo ndikudziwa kuti sanakuuze kanthu. Ndikuuze ndine.

Pepala lija chiswe sichinalipeze. Mndandanda wa amene anathandiza chipani chija unatuluka, ndipo kuchokera kudera lathu lonse munali dzina limodzi. A magolosale mulibe, a zigayo mulibe, amene ankapereka uku ndi uku mulibe. Muli Mayi Elube Nampeya, mphunzitsi wamkulu, Balaka. Wina anajambula n'kuponya pa foni. Wapampando wa komiti ya sukulu yathu, amene tinakangana chaka chatha nditamukaniza kubwereka malata a sukulu, anasindikiza pepalalo n'kupita nalo yekha ku ofesi ya maphunziro.

Anandiitana Lachiwiri. Mabwana anali atatu, abambo awiri ndi mayi mmodzi. Ndinawauza kuti dzina ndi langa koma lole amayendetsa ndi achimwene, kuti kwathu chuma cha mbumba timalemba dzina la mlongo, ndipo kuti ine ndinadzamva zonse zitachitika kale. Apo ndinakhotetsa pang'ono, Mulungu andikhululukire. Bambo mmodzi ndi wa ku Phalombe, mwambowu amaudziwa, anayamba kugwedeza mutu movomereza. Ndinaona kuti mwina ndipulumuka.

Kenaka mesenjala anagogoda, akuti kuli bambo akuti ndi mwini mbumba. Ndiwe unawauza tsiku, eti? Analowa atavala jekete lija anavala pamaliro a amayi, fumbi mpaka m'nsidze, chipewa m'manja. Anapempha kuti alankhule. Anati, "Mabwana, mlongo wangayu musamuone chonchi, ndi munthu wa malamulo. Ine ndikanapereka mwamseri ngati anzanga. Ndi iyeyu anandiphunzitsa kuti mphatso ya kuchipani imalembedwa. Umboni ndi uwu." Anatulutsa kalata yanga ya mu Juni m'pulasitiki, n'kuipereka ndi manja awiri.

Anaiwerenga mosinthana. Mayi uja anavula magalasi n'kundifunsa kuti, "Ndiye munkadziwa kuyambira Juni, mayi?" Ndinati eya. Anati, "Tiwonetseni pamene munakana." Ndinaiyang'ana kalata yanga yomwe, dzanja langa lomwe. Pamapeto pake palembedwa kuti inu ndinu akulu, mukudziwa choyenera kuchita.

Ndinati ilipo ina ya mu Julayi, imene ndinakanamo poyera. Onse anatembenukira kwa achimwene. Iwo anayang'ana pansi, n'kunena kuti imeneyo anaisiya kunyumba dala. Titatuluka ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Imene ija munalemba mutakwiya, achemwali. Sindikanafuna mabwana aone ngati ndinu munthu wolamula akulu anu, kapena kuti pabanja pathu timakangana. Ndinasankha yaulemu."

Sofia, ndinafuna kukuwa, koma mphamvu ndinalibe. Munthu wadzuka mbandakucha, kabaza mpaka ku Nselema, minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka kuno, zonsezo kudzandimaliza ndi chikondi. Ndinawagulira tiyi ndi mabanzi pa depoti. Tinakhala pabenchi limodzi mpaka minibasi inadzaza.

Akuti ndidikire kalata. Ndikupitabe kuntchito, ana akundipatsabe moni, aphunzitsi amasiya nkhani ndikalowa.

Mkulu wako,
Elube

Ngokwe, 27 Novembala 2025

Achemwali,

Moni. Mvula yayamba, tadzala chimanga kumunda wa kudambo. Lole yakonzedwa, ikuyenda, ngakhale ikupendekera kumanzere.

Sofia wandiwerengera zimene munamulembera. Sanachotsepo liwu limodzi. Kalata ya pa 4 Julayi ndi iyi, ndaika m'kati mwa inoyi. Willard ndamuuza kuti aipereke m'manja mwanu, osati pagolosale. Mupite nayo kwa mabwana, mwina angaione.

Ndaganiza kuti mapepala a lole asinthidwe, alembedwe dzina langa. Zimene tinapangana ndi amayi ndikuzidziwa, koma amayi sanadziwe kuti kudzabwera malamulo otere. Ngati akuchikazi adzaitenge, adzaitenge. Ndinapatsidwa mbumba kuti ndiziiteteza, ndiye onani.

Kawiri konse ndachita chimene ndinkayesa chabwino. Tsopano ndikuopa kuchita kanthu. Mundiuze chochita, ndipo mundiuze ngati mukuuza mwana wa Sitandade 1.

Kodi kalata ya mabwana yabwera?

Blasius

Balaka, 8 Januwale 2026

Achimwene,

Moni kwa inu, alamu, Sofia ndi ana. Chaka chabwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndimadikira kuti ndikhale ndi chokuuzani.

Kalata ya mu Julayi ndinapita nayo. Mayi uja anaiwerenga, anandiyang'ana mwachisoni, n'kunena kuti tsiku aliyense angathe kulemba pamwamba pa pepala, ndipo lipoti linapita kale. Yankho labwera Lolemba. Penshoni sanaikhudze, pamenepo tithokoze Mulungu. Uhedi andichotsa. Kalata ya chenjezo yalowa m'fayelo. Miyezi isanu ndi inayi yotsalayi ndikaphunzitsa Sitandade 3 kusukulu ina kutsidya kwa Rivirivi, pansi pa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba sikimu ya maphunziro. Nyumba ino ndituluke pofika pa 17. Ahedi atsopano abwera kale ndi akazi awo kudzayeza mawindo, ine ndili m'katimo ndikumwa phala.

Ndalira, ndamaliza. Kukwiya ndinakwiya nanu, koma mkwiyo umafuna mphamvu, ine ndilibe. Amene anapereka mumdima onse ali m'magolosale mwawo akugulitsa sopo. Ife tinalakwa pawiri, inu kumva zimene sindinanene, ine kusanena zimene ndimafuna. Zaka makumi atatu ndi zitatu ndakhala ndikuuza ana kuti yankhani funso mwachindunji, koma kwa mlongo wanga ndinalephera kulemba mawu amodzi.

Mwati ndikuuzeni ngati mwana wa Sitandade 1. Imvani tsono.

Mapepala a lole sapita m'dzina lanu. Iyayi. Apita m'dzina la Sofia. Iye sagwira ntchito m'boma, ndipo kukana amakudziwa. Inu muziyendetsa malonda monga kale, koma wandale aliyense akadzabwera kudzayamikira lole, kaya wa chipani chiti, mudzamulozere khomo la Sofia. Akadzafuna kupereka adzapereka iye, polemba kapena ayi adzasankha iye, dzina ndi lake. Sindikufunsa maganizo anu pa nkhaniyi.

Loweruka pa 17 lole ifike pano sikisi koloko m'mawa, anthu asanayambe kudutsa kupita kumsika. Isanyamule matumba a munthu panjira, isaime pa Liwonde. Mubwere ndi zingwe ndi lona, chifukwa mvula ikugwa ndipo mabuku anga sindifuna anyowe. Msewu wa kumene ndikupitako ndi wamatope, Willard abweretse khasu.

Musatume Willard yekha. Mubwere inuyo. Ndili ndi kabati yaikulu ya mbale imene siituluka pakhomo popanda anthu awiri, ndipo sindipempha aphunzitsi anga kuti andinyamulire. Mbali imodzi mudzagwira ndinu.

Mlongo wanu,
Elube